Kamuzu ndi magule athu: adawachotsa manyazi, koma adawalanda bwalo

Ambiri mwa ife omwe tikuwerenga nkhaniyi pafoni tidabadwa Kamuzu atatsikira kale kulichete. Timangomudziwa pankhope yomwe ili pa K1,000, padzina la bwalo la ndege ku Lumbadzi, komanso patchuthi cha pa 14 May. Koma mukapita kwa Kabudula, ku Nsaru kapena ku Namitete n'kufunsa agogo aakazi zomwe amakumbukira za mkuluyu, musadabwe akayamba ndi nkhani ya kuvina asanatchule msewu kapena chipatala. Ena aifotokoza maso akuwala. Ena aifotokoza motsitsa mawu, ngati akuopabe kuti wina akumvetsera kuseri kwa nkhokwe.

Onsewo sakunama. Hastings Kamuzu Banda ndiye mtsogoleri yemwe adachotsa manyazi pa magule athu panthawi yomwe ophunzira ambiri ankawayesa zachikunja. Ndi yemweyonso adawachotsa pabwalo la mudzi n'kukawaimika kutsogolo kwa nsanja yake. Za udokotala ndi ndale zake zidalembedwa kambirimbiri. Lero tiyeni titsate moyo wake kudzera m'ng'oma.

Mnyamata wa pansi pa kachere

Kamuzu adabadwira kufupi ndi Kasungu. Boma lake linkati adabadwa pa 14 May 1906, koma olemba mbiri ambiri amaloza cha m'ma 1898. Mayi ake adali Akupinganyama Phiri, bambo ake Mphonongo Banda. Dzina loti Kamuzu lidachokera ku mizu ya mankhwala yomwe mayiwo adamwa atakhala nthawi osaona mwana.

Yemwe adamutsegulira njira sadali bambo ake ayi. Adali malume ake, Hanock Msokera Phiri, mphunzitsi wa sukulu za mishoni. Kwa Achewa izi n'zosadabwitsa. Mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mlongo wa mayi ndiye nkhoswe. Alongo ake ndi ana awo ndiwo mbumba yake. Kukagwa matenda, maliro kapena mlandu wa banja, woyamba kuthamanga ndi iyeyo. Mawu awiriwa, nkhoswe ndi mbumba, muwasunge. Tikumana nawonso kutsogoloku.

Masiku amenewo mwana wa Mchewa ankakula pakati pa masukulu awiri okokanakokana. Kwina kudali kudambwe ndi kutsimba, komwe anyamata ndi atsikana ankalangizidwa mwambo. Kwina kudali kumishoni. Achidatchi adafika ku Mvera mu 1889 n'kudzakhazikikanso ku Nkhoma. Akatolika adamanga ku Mua ndi ku Likuni, ndipo m'zaka za m'ma 1920 adafika ku Nambuma. Mipingoyi inkasemphana pa zambiri, koma pa chimodzi idali pakamwa pamodzi: wobatizidwa asayandikire gule wamkulu. Amishoni ankadandaula kuti nyau zikuthawitsa ana kusukulu. Eni mizinda ankadandaula kuti sukulu zikuwabera ana. Gule naye adayankha mwa njira yake, pabwalo n'kuyamba kutuluka zilombo monga Simoni wa nkhope yofiira uja ndi Maliya, zoseka alendowo ndi makhalidwe awo.

Kamuzu adatsata njira ya mishoni. Adayamba sukulu ku Mtunthama, pansi pa mtengo wa kachere, n'kupitiriza ku Chilanga, ndipo pobatizidwa adatenga dzina la Hastings. Cha m'ma 1915, ali mkati molemba mayeso a uphunzitsi, adaimirira kuti aone bwino pabolodi poti adali wamfupi. Woyang'anira mayeso, mmishonale Thomas Cullen Young, adamutulutsa pomuganizira kuti akuonera. Sipadapite nthawi, mnyamatayo adauyamba wapansi wa ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Adagwirako ntchito pachipatala ku Hartley, kenako iye ndi malume ake aja adatsikira kumigodi ya ku South Africa. Mu 1925 mpingo wa African Methodist Episcopal udamuthandiza kupita ku America.

Mwambo wokumbukira uli kutali

Chodabwitsa n'choti Uchewa wake udakula ali kunja. Pa University of Chicago adakumana ndi katswiri wa zilankhulo, Mark Hanna Watkins, yemwe ankafuna munthu womuphunzitsa chilankhulo cha ku Africa. Kamuzu ndiye adakhala gwero la buku la Watkins la malamulo a Chichewa, lomwe lidatuluka mu 1937. Chaka chomwecho adamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College, ndipo mu 1941 adapezanso ziyeneretso ku Edinburgh, komwe adakhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland.

Ku Scotland komweko adakumananso ndi Cullen Young, yemwe uja adamutulutsa m'mayeso. M'malo mosungirana kampeni kumphasa, awiriwa adagwirizana ntchito. Adamasulira m'Chingerezi nkhani zitatu za miyambo zolembedwa ndi anthu a kuno, John Kambalame, E.P. Chidzalo ndi J.W.M. Chadangalara, ndipo mu 1946 adazitulutsa m'buku lotchedwa Our African Way of Life. Mawu oyamba a bukulo amalongosola za nyau, komanso za udindo wa nkhoswe pa mbumba yake. Tangoganizani: mkulu wa mpingo, dokotala wa ku London, kufotokozera azungu za nyau popanda kuchita nazo manyazi. Koma onaninso kuti kudakali zaka 12 kuti abwerere kwawo, ganizo lomwe adadzalamulira nalo amayi a dziko lonse lidali kale papepala.

Adatera pa Chileka pa 6 July 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, poitanidwa ndi achinyamata a Nyasaland African Congress monga Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza kuti adzaphwanye chitaganya. Adatsika ndege atavala suti ndi chipewa ngati mzungu. Pamsonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Nanga munthu wotere akhala bwanji mwana wa m'mudzi? Mlatho wake udali ng'oma.

Amayi adali atayamba kale. Rose Chibambo, yemwe nkhope yake ili pa K200, adasonkhanitsa amayi m'chipani cha Congress, ndipo amayiwo ankatenga nyimbo za magule awo, monga chimtali ndi chioda, n'kuikamo mawu odana ndi chitaganya. Sadawakakamize munthu. Pa 3 March 1959 atsamunda adalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, Kamuzu n'kukamutsekera ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru. Chibambo naye adamangidwa, n'kulowa m'ndende ndi mwana wakhanda. Miyezi 13 yomwe Kamuzu adali mkati, kufikira pa 1 April 1960, dzina lake lidayenda m'midzi pamilomo ya amayi oimba. Anthu opanda nyuzipepala, opanda wailesi, adamenya nkhondo ndi mawu, manja ndi mapazi.

Bwalo lisanatembenuke

Kuti timvetse zomwe zidasintha pambuyo pake, tiyambe taona kuti gule adali chiyani m'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula kapena kwa Khongoni.

Tengani mganda. Gule ameneyu adabadwa asilikali a King's African Rifles atabwerako kunkhondo ya 1914 mpaka 1918. Anyamata a m'midzi adatengera perete wa asilikali: mizere yowongoka, makabudula ochapa bwino, masokosi aatali, kuponda pamodzi ngati munthu mmodzi. M'malo mwa malipenga amkuwa adatenga zikho n'kupanga mabadza. Gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi maudindo otengera a asilikali ndi atsamunda. Ukaonetsetsa, mudali kusirira ndi kunyogodola pamodzi. Chinthu chobwereka chidasanduka chathuchathu.

Koma mganda sudali kuvina kokha. Anthu akakolola, fodya atagulitsa, boma la mudzi uno linkaitana boma la mudzi wina. Eni mudzi ankasonkha ufa, nkhuku ndi chimera cha thobwa. Alendo ankagona, kudya, kupikisana pabwalo, ndipo chaka chinacho udali udindo wawo kubweza. Anthu ankadziwana pamenepo, ena mabanja adawapezera pomwepo, ndipo midzi yomwe inkalimbirana malire inkadyera mbale imodzi.

Chimtali chidali cha amayi. Ng'oma pakati, iwo mozungulira. M'nyimbo zake mayi ankatha kudzudzula mwamuna womwera ndalama za fodya, mpongozi wamiseche, ngakhale mfumu yokondera pamilandu, zinthu zomwe sakadazinena pamaso. Nyimbo ikatchuka, wolakwayo ankadzidziwa yekha. Gule wamkulu naye adali ndi nthawi yake ndi chifukwa chake: maliro, chiliza, chinamwali, kulonga ufumu. Chilombo chilichonse chimabwera ndi phunziro, ndipo popanda amayi oimba ndi kuwomba m'manja gule sakoma.

Chachikulu apa ndi kaimidwe ka anthu. Bwalo la mudzi n'lozungulira. Lilibe kutsogolo, lilibe kumbuyo. Aliyense akuona mnzake. Mfumu ili pampando inde, koma nyimbo itha kuilasa ili pomwepo, anthu n'kuseka.

Nkhoswe ya dziko lonse

Ufulu udabwera pa 6 July 1964. Patangotha miyezi iwiri, Kamuzu adasemphana ndi nduna zake. Chipembere, Chiume ndi anzawo adachoka m'boma, ena n'kuthawira kunja. Rose Chibambo, yemwe uja adasonkhanitsa amayi oimba, adathawira ku Zambia ndipo adakhala kunja zaka pafupifupi 30. Nyimbo zomwe dzulo zinkatukwana chitaganya tsopano zidayamba kutukwana anthu omwe adaitana Kamuzu kuti abwere kwawo. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Kamuzu adakhala mtsogoleri wamuyaya.

Apa ndipo mawu awiri aja adabwerera. Kamuzu adadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo mayi aliyense wa m'Malawi, kaya Mtumbuka, Myao, Msena kapena Mlomwe, adasanduka mbumba yake. Kulikonse komwe ankapita, kaya ndi pa 6 July, pa Kamuzu Day, kumsonkhano waukulu wa chipani kapena paulendo woyendera mbewu m'minda, amayi zikwizikwi ankamuchingamira atavala nsalu ya nkhope yake. Iye ankatsika pansanja, litchowa m'manja, n'kulowa pakati pawo kuvina. Angoni akabwera ndi ingoma, ankanyamula chishango n'kuponda nawo.

Tisaname, zabwino zidalipo. Gule yemwe dzulo ankalalikidwa kuti ndi wa Satana tsopano ankavinidwa masana pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, pamaso pa akazembe a maiko, mkulu wa mpingo akuwombera m'manja. Mwana wa ku Mpingu adayamba kumva ng'oma za kwawo pa MBC, wailesi yokhayo yomwe idalipo. Wa ku Karonga adaona tchopa, wa ku Mulanje adaona vimbuza ndi malipenga. Mphunzitsi kapena kalaliki sadafunikenso kubisa kuti kwawo kuli mzinda. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma lidakhazikitsa gulu la magule la dziko lonse, Kwacha Cultural Troupe. Kwa amayi ena a kumudzi, kuvina ndiko kudawafikitsa koyamba ku Blantyre. Ena adakwera ndege kuperekeza Ngwazi kunja, ndipo atsogoleri ena a amayi adamangiridwa nyumba. Agogo omwe amakamba maso akuwala aja akukumbukira zimenezi.

Koma nkhoswe yeniyeni siivinitsa alongo ake padzuwa. Pansi pa chipani chimodzi, kuvina sikudali kofuna mwini. Atsogoleri a chipani m'mudzi ankalemba maina, ndipo achinyamata a Youth League ndi a Malawi Young Pioneers ankaonetsetsa kuti palibe wotsala. Amayi ankasiya munda, ana ndi odwala kukakonzekera masiku angapo. Ankakwezedwa m'malole n'kukagona m'makalasi a sukulu. Ulendo woyendera mbewu unkachitika nthawi ya dzinja, pomwe ntchito ya kumunda ili pakhosi. Mwamuna woletsa mkazi wake ankaoneka ngati woukira boma, ndipo aliyense ankadziwa komwe oukira ankathera. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, kenako bwalo la ndege n'kutsegulidwa ku Lumbadzi, misonkhano ndi maulendo ochingamira zidasendera kufupi ndi midzi ya kuno.

Gule mwiniwake adasinthanso. Mganda wa tsiku lonse, wokhala ndi alendo ndi thobwa, udasanduka mphindi zochepa zoti boma lililonse lidutse kutsogolo kwa nsanja. Chimtali chomwe chinkadzudzula mfumu chidatsala ndi ntchito ziwiri basi: kutamanda mmodzi ndi kunyoza adani ake. Zilombo zomwe zinkatuluka chifukwa cha maliro kapena chinamwali zidayamba kutuluka chifukwa cha kalata ya chipani. Bwalo lozungulira lija lidatseguka mbali imodzi, maso onse n'kuloza kwa munthu mmodzi. Komanso kukwezedwa kwa Uchewa kudadza ndi mtengo wake kwa ena: mu 1968, Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi. Katswiri wa mbiri Wiseman Chijere Chirwa adalemba momwe nyimbo za ndale zidathandizira kumanga ulamuliro wankhanza, ndipo mutu wa nkhani yakeyo umanena za kuvina kolowera ku ulamuliro wa munthu mmodzi.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Pa 8 March 1992 mabishopu a Katolika adatulutsa kalata yodzudzula boma. Pa 14 June 1993 Amalawi adasankha zipani zambiri, ngakhale chigawo chapakati chidavotera kwambiri chipani chimodzi, chizindikiro choti kuno ubale wa Kamuzu ndi midzi udali wozama. Pachisankho cha pa 17 May 1994 adagonja kwa Bakili Muluzi ndipo adavomereza. Adazengedwa mlandu wa imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza mu 1983, koma khoti lidamupeza wosalakwa mu December 1995. Adamwalira pa 25 November 1997 kuchipatala ku Johannesburg, n'kuikidwa ku Lilongwe.

Nsanja idatsala

Kamuzu adapita, koma nsanja sidagwe. Atsogoleri a zipani zambiri adalonjeza kuti mayi sadzakakamizidwanso kuvina, ndipo n'zoona, lero palibe wa malaya ofiira wogogoda pakhomo. Koma nsalu zangosintha mtundu ndi nkhope. Lisa Gilman, m'buku lake la mu 2009, The Dance of Politics, adaonetsa kuti amayi osauka ndiwo amadzazabe misonkhano, pomwe mipando ya pansanja imakhala ya ena. Kale chinkawanyamula ndi mantha. Lero chikuwanyamula ndi chitenje ndi kandalama ka sopo. Kodi pamenepa tinganene kuti avina mwa kufuna kwawo?

Zoti akuluakulu achotse gule m'manja mwa eni ake sizidachitike kuno kokha. Ku Ireland kuli gule wotchedwa set dancing, yemwe amavina anthu asanu ndi atatu, awiriawiri, moyang'anizana mbali zinayi. Monga mganda, nayenso ndi wobwereka: adachokera ku gule wa ku France wotchedwa quadrille, anthu a kumidzi n'kumusinthira ku nyimbo zawo m'zaka za m'ma 1800. Ankavina m'nyumba za anthu ndi pamphambano za misewu, oimba ali anansi omwewo. Ansembe ankalalikira motsutsa magule a usikuwa, ndipo mu 1935 boma lidakhazikitsa lamulo loti gule wa anthu ambiri azichitika pamalo okhala ndi chiphaso. Kuvina kudasamukira m'maholo, ambiri oyendetsedwa ndi maparishi, ndipo set dancing adatsala m'madera ochepa monga Clare ndi Kerry.

Sadamudzutse ndi boma ayi. M'zaka za m'ma 1980 aphunzitsi a gule monga Connie Ryan adayenda m'midzi kufunsa okalamba kuti awaonetse mapondedwe akale, n'kukaphunzitsa ena. Sukulu ya chaka ndi chaka ya ku Miltown Malbay, yomwe idayamba mu 1973 pokumbukira woimba Willie Clancy, idakhala pokumanira. Lero gule ameneyu akuvinidwa m'maiko ambiri, ndipo ovina amayang'anana okhaokha, osati nsanja.

Ife tili ndi mwayi woposa pamenepo, chifukwa magule athu sadafe. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidazindikira gule wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Chaka chilichonse mu August, Achewa amakakumana ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kuchilimwe, ukadutsa ku Nambuma kapena ku Nsaru madzulo, ng'oma imamvekabe. Kuti lero mnyamata wa digiri atha kuika mganda wa kwawo pa TikTok osaopa kusekedwa, mbali ina ndi ntchito ya Kamuzu. Kuti tikamva ng'oma masana pamsewu timayamba tafunsa kuti kukubwera bwana uti, imeneyonso ndi ntchito yake.

Amayi omwe adavinira Kamuzu ali atsikana, lero ndi agogo a zaka za m'ma 60, 70 ndi 80. M'mitu mwawo muli nyimbo za mitundu iwiri: zomwe adaphunzitsidwa ndi chipani, ndi zomwe adaphunzira kwa amayi awo pamtondo ndi pachimtali. Zoyambazo zidajambulidwa ndi wailesi ya boma. Zachiwirizo zambiri zili m'mitu mokhamo. Foni yomwe mwagwirayi ili ndi chojambulira mawu. Mukapita kumudzi, khalani nawo pamkeka, muwapemphe bwinobwino, ndipo za kudambwe muzisiyire eni mzinda. Muwafunse kuti chimtali chinkati chiyani chisanayambe kutchula dzina la munthu mmodzi, ndipo akayamba kuimba, muitane ndi ana omwe adzavomereze.